Chinyezi Chaletsedwa ku Zilibwino

Kuli dziko lina lotchedwa Zilibwino. Musavutike kulifuna pa mapu, chifukwa mapu ake anachita chuku n'kuwola. Pa nthawi imene zinachitika izi, pampando panali Mfumu Salakwa Wachitatu, mwana wa Salakwa Wachiwiri, amenenso sanalakwepo.

Mu likulu la dzikolo, mzinda wa Tamvera, munali nyumba yosungiramo mapepala a boma ndi mabuku akale. Anthu ankangoitcha Nyumba ya Mapepala. M'menemo munali mapepala a minda, a maukwati, a malire a midzi, ndiponso zolankhula zonse za mafumu atatu, zimene zinadzaza zipinda zinayi ngakhale mawu ake anali amodzimodzi. Poyamba nyumbayi anafuna kuimanga pa phiri, pouma. Koma nduna zinaona kuti pa phiripo payenera kukhala chifanizo cha mfumu kuti chizioneka kutali. Ndiye Nyumba ya Mapepala anakaimanga kudambo, kumene achule amachitira misonkhano yawo.

Woyang'anira nyumbayo anali a Yotamu Chisuse, munthu wowonda, wa chifuwa chosatha. A Chisuse analibe digiri. Anali ndi mphuno. Akalowa m'mawa ankanunkhiza n'kudziwa ngati mapepala amwa madzi kapena ayi. Kukacha kouma ankatsekula mawindo onse kuti mphepo idutse, mitambo ikayamba kuda ankatseka. M'makona ankaika matumba a makala, poti makala amamwa chinyezi, ndipo akanyowa ankawayanika padzuwa n'kuikapo ena. Mashelefu ankawasunthira kutali ndi khoma, miyendo yake n'kuiimika pa njerwa. Mapepala sankawapanikiza. Ankati pepala lili ngati munthu mu basi, ukalipanikiza limatuluka thukuta. Mwa njira imeneyi mapepala a ku Zilibwino anakhala zaka makumi atatu pakati pa dambo osaonongeka, boma lisakudziwa. Zinthu zambiri m'dzikolo zinkayenda bwino chotero, mpaka tsiku limene boma lazidziwa.

Tsono kunja kwa mzinda, m'mudzi wa Tatopa, munali mayi wina wamasiye, a Edinesi Nangozo. Anali ndi munda umodzi wokha m'mbali mwa mtsinje, wa chinangwa ndi nthochi, umene amuna awo anawasiyira pamodzi ndi ana anayi. M'mawa wina anapeza munda wonse wakhomedwa zikhomo, ndipo pakati pa chinangwa paima chikwangwani chonena kuti nduna ina, Olemekezeka a Chithaphwi, imanga pamenepo malo opumulirapo alendo. Mayi Edinesi anapita kukhoti.

Woweruza anati, "Mayi, kulira kuno sitilemba. Bweretsani pepala la munda. Likapanda kufika pano pa tsiku loyamba la Malichi, mundawo ndi wa a nduna."

Mayi Edinesi anapinda chitenje n'kutsetsereka kudambo.

"Odi kuno!"

"Lowani mayi, koma mupukute mapazi," anatero a Chisuse. "Matope a kuno amalowa okha, safuna owathandiza."

Atamva nkhani yonse, a Chisuse anakwera pa mpando, natsitsa mtolo wa mapepala a ku Tatopa, nayamba kutsekula ndi nsonga za zala.

"Nali. Dzina lanu ili, chidindo ichi. Koma lamwako mvula ya sabata ino. Ndikakupatsani lero likathera m'manja. Ndiliyala pa tebulo pano pakati pa nsalu ziwiri kuti liume pang'onopang'ono. Padzuwa ayi, lingasweke. Mubwere Lachisanu."

"Lachisanu lake liti, bambo? La boma kapena la Mulungu?"

"La Mulungu, mayi. Ine boma silindidziwa."

Lachitatu boma linawadziwa. Kunabwera alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, aja oyenda ndi mabotolo a madzi ngati kumene akupitako kulibe zitsime. Anabweretsa mphatso ziwiri. Yoyamba inali kachipangizo konga wotchi, ka muvi umodzi, koyezera chinyezi. Yachiwiri inali makina oyamwa chinyezi mu mpweya n'kuchisandutsa madzi odonthera mu ndowa. Mphatso ku Zilibwino sailandira popanda ng'oma, choncho mfumu inabwera ndi nduna zake zonse, n'kulowa m'Nyumba ya Mapepala kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Alendo anapachika kachipangizo kaja pa khoma. Muvi unayenda, unayenda, n'kuima pa 80.

"Ha!" inatero mfumu. "Ngakhale zipangizo za kunja zikuvomereza. Dziko lina lililonse linafikapo pa 80?"

Nduna zinaomba m'manja. Mlendo wamkulu anadikira kuti zithe, kenaka anafotokoza kuti muviwo uyenera kukhala cha pa 50, ndipo 80 ikutanthauza kuti m'nyumbamo muli chinyezi choti n'kuwoletsa mapepala onse. Manja amene anali m'mwamba anatsika pang'onopang'ono n'kukalowa m'matumba.

"Ndani analola chinyezi kulowa m'nyumba ya boma?" inafunsa mfumu.

Tsiku lomwelo unakhazikitsidwa Unduna wa Zouma ndi Zonyowa, ndipo unapatsidwa kwa a Chithaphwi, popeza anali okhawo amene anabwera ndi ambulera, chizindikiro choti nkhani za madzi amazidziwa.

M'mawa mwake a Chithaphwi anafika ndi asilikali khumi.

"Madala, chinyezichi chimalowera pati?"

"Chimakhala mu mpweya, bwana."

"Mpweya umalowera pati?"

"Pa windo, bwana. Koma kukakhala kouma, mpweya womwewo ndi umene..."

"Ndiye inu m'mawa uliwonse mumachitsekulira windo? Mumachipatsanso moni?"

Pofika masana mawindo onse anali atatsekedwa ndi njerwa ndi simenti. Kenaka a nduna anagwira thumba la pa kona, dzanja lawo n'kubwerako lozizira.

"Ichi n'chiyani?"

"Makala, bwana. Amamwa chinyezi."

"Amachimwa n'kuchisunga? Ndiye ochibisawo ndi amenewa! Amangeni!"

Makala onse anatengedwa kupita kunyumba kwa a nduna kuti akafunsidwe mafunso. Ophika a kumeneko anawafunsa pa mbaula kwa masabata awiri mpaka anasanduka phulusa osaulula kanthu.

Nthawi yonseyi makina aja ankagwira ntchito yawo mokhulupirika, ndipo ndowa inadzaza. A Chisuse anainyamula kuti akakhuthule panja.

"Imani pomwepo! Madzi awa achokera kuti?"

"Mu mpweya, bwana, ndi m'mapepala."

"M'mapepala a boma? Ndiye muli zinsinsi za boma. Mukawataya panja, galu wa adani a mfumu awamwa, mawa nkhani zathu zili pa msika. Dontho ngakhale limodzi lisatuluke muno. Ndiponso kuyambira lero palibe chotuluka m'nyumba muno popanda siginecha yanga."

Anabweretsa migolo khumi ndi iwiri n'kuindanda pakati pa mashelefu. Zivindikiro zake zinasowa panjira, monga mmene zimasowera zinthu za boma. Makina ankayamwa chinyezi, a Chisuse ankathira madziwo m'migolo, madzi ankabwerera mu mpweya, makina n'kuwayamwanso. Madzi omwewo anagwidwa mwina ka makumi anayi, ndipo masana aliwonse wailesi inkalengeza kuti Unduna wa Zouma ndi Zonyowa wagwira ndowa zina zisanu ndi imodzi za chinyezi.

Lachisanu mayi Edinesi anabwera monga anauzidwira. Pakhomo anapeza msilikali, ndipo a Chisuse anawalankhula kudzera pa mpata wa chitseko.

"Pepala lanu likadali pa tebulo, mayi. Koma silikuuma. Ndiponso silingatuluke popanda siginecha ya a nduna."

"Nduna yake iti?"

"Yomweyo, mayi."

"Ya chikwangwani cha m'munda mwanga?"

"Yomweyo."

Mayi Edinesi anakhala pa mwala wa pakhomopo. "Bambo, ana anga anayi amadya za m'munda umenewo. Ndikauluza, ndikawadyetsa chiyani? Malo opumulirapo alendo?"

A Chisuse anangotsokomola. Msilikali anati kukhala pa mwala wa boma n'koletsedwa.

Mvula ya Febuluwale inapitirira. M'nyumba yopanda mawindo ija, muvi unachoka pa 80 n'kufika pa 95. Makoma anayamba kutuluka thukuta. Mabuku anafufuma mpaka kukankhana pa mashelefu. Chuku chobiriwira chinayala pa mapepala a maukwati, ndipo pa zolankhula za Salakwa Wachiwiri panamera bowa wonenepa, woti a Chisuse anati chiyambire sanaonepo zolankhulazo zikubala kanthu. Achule anasamutsira misonkhano yawo m'migolo.

Nduna zinakumana ku nyumba ya mfumu kuti zione chochita ndi muviwo. Nduna ya Zachitetezo inati muviwo ndi mlendo, ndipo mlendo wosonya chala pa mfumu amathamangitsidwa. Nduna ya Zamaphunziro inati ayi, tingosintha manambala kuti 95 izitchedwa 50 m'dziko lonse, ana a sukulu azolowera. Zinakangana mpaka zakudya zitafika, n'kupitiriza zitadya. Pomaliza a Chithaphwi anaimirira.

"Mfumu yanga, muvi sunapanduke. Wangosowa utsogoleri."

Anatuma kalipentala, amene anaukankhira pa 50 n'kuukhomera msomali. Tsiku lomwelo wolengeza wa mfumu anaima pa msika wa Tingopenya n'kuwerenga lamulo:

"Imvani anthu a ku Zilibwino! Chinyezi chagonjetsedwa. Muvi wavomereza wokha. Kuyambira lero, pepala lililonse lotuluka m'Nyumba ya Mapepala ndi louma, ndi langwiro, ndipo zolembedwapo ndi zoona kuposa munthu wamoyo. Aliyense wonena kuti pepala la boma laonongeka adzakhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri."

Anawerenga zimenezi madzi akudontha pa chipewa chake. Atachoka, wogulitsa mchere anayang'ana mulu wake umene unali kusungunuka pa thumba.

"Amayi inu, mcherewu wanyowa," anatero wogula wina.

"Achimwene, samalani pakamwa. Sunanyowe. Ukulira ndi chimwemwe."

"Nanga machesi anga awa akukana kuyaka bwanji?" anafunsa wa pa benchi ina.

"Sanamve wailesi. Awerengereni lamulolo."

Wosoka nsapato anati iye akafuna msomali womwewo kuti akakhomere bondo la apongozi ake, limene limatupa mvula ikamabwera. Anthu anaseka mobisa mano, poti kuseka koonetsa mano kunkafuna chilolezo. Mayi Edinesi, amene ankagulitsa chinangwa pafupi, sanaseke. Ankawerenga masiku ndi zala, ndipo zala zinali kutha.

Koma ntchito ya a Chithaphwi inali isanathe. Atalowanso m'Nyumba ya Mapepala, anaona kuti pakati pa mitolo pali mipata.

"Madala, mipata iyi ndi ya chiyani?"

"Ya mpweya, bwana. Pepala limafuna kupuma."

"Ndi mmene chinkagona chinyezi chija. Chikadzabweranso chipeze malo mulibe. Asilikali, sanjani mapepala onse mulu umodzi, muwatsindire."

"Bwana, chonde. Ndi onyo..." A Chisuse anakumbukira zaka zisanu ndi ziwiri. "Ndi ouma kwambiri, bwana. Amamatirana."

"Kumamatirana ndi umodzi. Boma limalimbikitsa umodzi."

Asilikali anasanja mapepala a dziko lonse, a minda pamwamba pa a maukwati, a maukwati pamwamba pa a malire. Lomaliza kuikidwa linali lija la pa tebulo, la mayi Edinesi. Kenaka anatsekula sutikesi yachitsulo n'kutulutsa Pepala la Mpando. Limeneli ndi limene limanena mwini ufumu, ndipo limawerengedwa pa bwalo kamodzi pa chaka kuti anthu asaiwale. Analiika pamwamba pa onse, poti palibe chokhala pamwamba pa mfumu.

Apa panabuka vuto. Kutsindira kumafuna thabwa, nanga thabwa likhala bwanji pamwamba pa mfumu? Anatumiza funsoli kwa akatswiri a miyambo, amene anayankha kuti chinthu chimodzi chokha chimaloledwa pamutu pa mfumu, ndicho chipewa. Thabwalo linalengezedwa kuti ndi chipewa. Miyala isanu ndi itatu imene anaisanja pa thabwalo inalengezedwa kuti ndi nthenga za chipewacho.

Patapita masiku khumi, kutatsala sabata imodzi kuti mlandu wa munda uweruzidwe, linafika tsiku lowerenga Pepala la Mpando. M'mawa a Chithaphwi anapita kukalitenga okha. Magetsi anali atazima, makina ali chete, ndipo popeza mawindo anali njerwa, m'nyumbamo munali bii ngati m'mimba mwa ng'ombe. Machesi anakana kuyaka. Asilikali anachotsa nthenga ndi chipewa mofufuza, a nduna n'kugwira pepala la pamwamba. Linabwera ndi linzake la pansi, atamamatirana.

"Bwana, musakoke," anatero a Chisuse mu mdimamo. "Ndipatseni ndiwalekanitse pang'onopang'ono. Zimafuna masiku atatu."

"Manja a munthu wamba sakhudza Pepala la Mpando. Ndiponso mfumu ikudikira."

Anakoka. Kunamveka kaphokoso kofewa, ngati kunyema mbatata yophika. Mapepala awiri analekana ndithu, koma lililonse linaduka pakati, ndipo a nduna anatsala ndi zidutswa zinayi. Mapepala a boma la Zilibwino onse ndi a msinkhu umodzi. A nduna anatulutsa guluu m'thumba, nafufuza ndi zala, nalumikiza chapamwamba ndi chapansi, chapamwamba ndi chapansi. Limodzi analiika m'chikwama chachikopa, linalo analiponya pa mulu.

"Wina waona kanthu?"

"Mdima, bwana," anayankha asilikali onse pamodzi.

Pa bwalo panadzaza anthu, poti kusabwera unali mlandu. Mfumu inakhala pa mpando wake, ng'oma zinaleka, ndipo wolengeza anatsekula chikwama n'kuyamba ndi mawu aakulu:

"Dziwani nonse kuti Mpando wa Ufumu wa Zilibwino, ndi mapiri ake, ndi mitsinje yake, ndi anthu ake onse, ndi wa..."

Anaima. Anapukuta magalasi ake. Anayang'ana a Chithaphwi, anayang'ana kumwamba, n'kumaliza ndi mawu a mwana wodwala:

"...ndi wa Edinesi Nangozo, wa m'mudzi wa Tatopa, ndi ana ake anayi, ndipo pasapezeke womuvutitsa."

Mfumu inatembenuka pang'onopang'ono.

"A Chithaphwi, pepalali lili bwanji?"

"Ndi louma, mfumu yanga."

"Ndi langwiro?"

"Langwiro, mfumu yanga."

Kumbuyo kwenikweni, kumene kunaima anthu a pa msika, munthu wina anafuula, "Ikhale ndi moyo Mfumu Edinesi!" Apolisi anathamangira komweko, koma atafika sanadziwe ngati amumange kapena amuchitire sawatcha. Mayi Edinesi anafunda chitenje kumutu n'kukhala pansi pakati pa miyendo ya anthu.

Nduna zinakumana masiku atatu. Kunena kuti pepala laonongeka kunali kuvomera kuti chinyezi chilipo, ndipo kuvomera chinyezi kunali kunena kuti mfumu inalakwa. Kupereka mpando kwa mayi wogulitsa chinangwa, nduna zinati zimenezo ngakhale kuziganiza kumapweteka mutu. Pa tsiku lachitatu mfumu inadzuka, nkhope ikuwala.

"Bwanji mukuvutika ndi nkhani yophweka? Pepala silinalakwe. Ine sindinalakwe. Mpando ndi wanga, ndipo pepala likuti mpando ndi wa Edinesi Nangozo. Ndiye Edinesi Nangozo ndine."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kutupa. Ya Zamaphunziro inalira, n'kunena kuti inkakayikira kale chifukwa cha kayendedwe ka mfumuyo. Lamulo linatuluka loti mfumu yakhala ili Edinesi Nangozo chibadwire, ndipo dzina la Salakwa lachotsedwa pa zikwangwani zonse. Nyumba ya mfumu inasinthidwa dzina n'kukhala Mudzi wa Tatopa. Mwa ana ake khumi ndi asanu ndi awiri odziwika, mfumu inasankhapo anayi, otsalawo anauzidwa kuti ayambe adikira. Ndipo popeza dzina la mfumu silikhala ndi anthu awiri, mayi wina wa kumudzi amene wakhala akuligwiritsa ntchito popanda chilolezo anapatsidwa masiku awiri kuti akalembetse lina.

Mayi uja anatsetserekanso kudambo. Ulendo uno msilikali anali atapita kukaphunzira nyimbo yatsopano yotamanda Mfumu Edinesi, ndiye a Chisuse anatuluka n'kukhala nawo pa mwala.

"Munda anditengera, tsopano dzina anditengera. Chatsala n'chitenjechi. Kodi pepala langa lilipo n'komwe?"

"Lilipo, mayi. Ndaliona dzulo magetsi atayaka. A nduna analiwerenga, anaseka, n'kusainira okha kuti lipite kukhoti."

"Anaseka chiyani?"

"Theka lapamwamba ndi lanu, likunena za munda wa m'mbali mwa mtsinje. Theka lapansi likuti mundawo ndi wa Salakwa Wachitatu ndi ana ake mpaka muyaya. A nduna akuti munthu ameneyo kulibenso, ndiye munda ulibe mwini."

Mayiwo anakanda matope ouma pa chidendene.

"Bambo Chisuse, dzina lija mfumu inalivula, inalipatsa ndani?"

"Palibe. Analingochotsa pa zikwangwani."

"Ndiye langokhala?"

"Langokhala, mayi."

Anadzuka, anakung'untha chitenje, n'kulunjika ku ofesi yolembetsa maina. Kalaliki wa kumeneko anali ndi cholembera kukhutu ndi mtedza m'kamwa.

"Ndinu aja opanda dzina? Mwasankha liti? Tili ndi Malita, tili ndi Agnesi..."

"Salakwa Wachitatu."

Mtedza unamutsamwa. "Mayi, limenelo ndi la..."

"La ndani, mwana wanga? Tchula. Mfumu yathu ndi a Edinesi chibadwire, kapena iwe ukudziwa zina?"

Kalaliki anatsekula buku la malamulo, analitseka, anayang'ana kukhomo. Lamulo loletsa panalibe. Analemba, anadinda, n'kupereka chiphasocho ndi manja awiri, mosadziwa chifukwa chake.

Pa tsiku loyamba la Malichi khoti linadzaza, anthu a pa msika atasiya mabenchi awo. A Chithaphwi anabwera ndi suti yoyera, naika pepala pamaso pa woweruza.

"Bwana woweruza, pepala ili latuluka m'Nyumba ya Mapepala, ndipo mukudziwa lamulo. Likuti munda ndi wa Salakwa Wachitatu. Munthu wotero m'dziko muno mulibe. Munda wopanda mwini ndi wa boma, ndipo pa nkhani ya mundawu boma ndine."

Woweruza anagwedeza mutu movomereza. Mwa mwambo chabe, anauza wapolisi kuti aitane mwini munda katatu.

"Salakwa Wachitatu! Salakwa Wachi..."

"Ndilipo, bwana. Musathe mawu."

Mayi uja anayenda kupita kutsogolo n'kuika chiphaso chawo pafupi ndi pepala. Woweruza anawerenga ichi, anawerenga icho, anayang'ana zidindo zonse ziwiri. A Chithaphwi analumpha.

"Zamisala! Aliyense akuona guluu apa! Ndinalumikiza ndine mu mdima! Pepala ili ndi loo..."

Khoti lonse linasendera kutsogolo. Wapolisi anatulutsa unyolo mwakachetechete n'kuyamba kuupukuta ndi mpango.

"Ndi lotani, a nduna?" anafunsa woweruza, cholembera chili m'mwamba.

A Chithaphwi anayang'ana unyolo. "Ndi louma," anatero, n'kukhala pansi.

"Ndiye khoti lapeza kuti munda ndi wa a Salakwa Wachitatu ndi ana awo mpaka muyaya, ndipo amene anaika chikwangwani akachizule okha lisanalowe dzuwa."

Musafulumire kuomba m'manja. Mayi mmodzi anapeza munda wake chifukwa nduna inalakwitsa mu mdima, osati chifukwa wina anafuna chilungamo. Mapepala a anthu ena onse anatsala mu mulu uja n'kusanduka chinthu chimodzi cholimba ngati chulu, ndipo mpaka lero ku Zilibwino kuli anthu amene sadziwa ngati anakwatira mkazi kapena malire a mudzi. A Chisuse anapumitsidwa ntchito chifukwa chotsokomola monyowa. A Chithaphwi anawonjezeredwa unduna wina.

Koma tsiku limenelo, pa khonde la khoti, a Salakwa Wachitatu anamanga chitenje chawo bwinobwino n'kuimitsa a nduna akulowa m'galimoto.

"Pepani bwana, poti inu mumafika ku Mudzi wa Tatopa watsopano uja, munditengereko uthenga."

"Uthenga wanji?"

"Kwa a Edinesi Nangozo. Mukawauze kuti Loweruka lino dzina lawo lili pa ndandanda wa osesa ku tchalitchi, pamodzi ndi kutsuka zimbudzi. Amayi a mvano salandira zifukwa. Abwere m'mamawa, ndipo atenge tsache lawo."